Zigoli 11 kwa duu: kodi tinkaseka chiyani?

Loweruka la sabata yatha ndinapita kukaonera mpira wa ana a pulayimale pa bwalo la sukulu ina kuno ku boma. Anyamata atatu a m'kalasi langa la katekisimu amasewera m'timu ya eni bwalo, ndipo anali atandiumiriza sabata yonse kuti ndikawaone. Alendo anachokera kumunsi, cha ku Nyanja ya Chilwa. Ena anabwera atakwezana pa njinga, ena wapansi. Mpira unatha zigoli 11 kwa duu, opambana ali ana a kuno.

Pagolo pa alendo panali kamnyamata ka zaka mwina 12, kopanda nsapato, katavala malaya ofika m'mawondo. Zigoli zitakwana zisanu, ife amene tinaima kumbuyo kwa golo lake tinasiya kuchemerera ana athu n'kuyamba kuwerenga zigoli mokuwa ngati ana a Sitandade 1. Wina anamupatsa dzina loti Sefa, ndipo posakhalitsa bwalo lonse linali "Sefa! Sefa!" Pa chigoli chachisanu ndi chinayi mwanayo anaterereka, mpira n'kumudutsa pakati pa miyendo, ine n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Mayi wina wogulitsa zitumbuwa, mkhristu mnzathu, anandiyang'ana n'kunena motsitsa mawu kuti, "Akatekisiti, inunso?" Sindinawayankhe. Zimene ndalemba panozi ndi yankho lochedwa.

Madzulo ake, pakhonde pa golosale ina, mkangano unabuka. Bambo wina wachikulire anati mphunzitsi wa timu yopambana analakwa, akanauza ana ake kuti aleke kugoletsa zitafika zisanu, chifukwa kupitiriza kumenya munthu amene wagwa kale ndi nkhanza. Mnyamata wa kabaza anati mpira ndi mpira, wobwera pa bwalo amadziwa chimene wadzera, ndipo wofuna chisoni apite ku maliro. Wachitatu anati vuto ndi okonza masewera: matimu otere asamawalole n'komwe kudzataya nthawi ya anthu.

Mkangano umenewu si wa ku Phalombe kokha. Kumaiko ozizira kuli masewera otchedwa ice hockey, amene amaseweredwa pa madzi oundana, osewera atavala nsapato zotsetsereka ndipo akumenya kamphira kolimba ndi ndodo. Pa 26 Disembala 2020, mumzinda wa Edmonton, pa mpikisano wa dziko lonse wa anyamata osapitirira zaka 20, Canada inagonjetsa Germany zigoli 16 kwa ziwiri. M'bwalomo munalibe anthu oonera chifukwa cha Covid-19, komabe oonera pa kanema anakangana ndendende ngati anthu a pakhonde paja: ena akuti Canada ikanachita manyazi, ena akuti masewera ndi masewera, enanso akuti maiko ofooka achotsedwe mumpikisano. Ambiri a iwo sanalabadire kuti anyamata angapo a Germany anali atatsekeredwa m'zipinda chifukwa cha matendawo, moti timuyo inatsala ndi osewera 14 okha kupatula apagolo, pa masewera amene osewera amasinthana pafupipafupi chifukwa amatopetsa msanga. Analinso atasewera ndi Finland dzulo lake. Anyamata omwewo, amene ankanenedwa kuti sakuyenera kupezekako, anapambana masewera awiri otsatira n'kufika m'makotafainolo.

Ndiyambe ndi bambo wachikulire uja, chifukwa mtima wanga unali kumbali yake poyamba. Zimaoneka ngati chifundo kuti wamphamvu aleke. Koma taganizirani mmene kulekako kumaonekera pa bwalo. Ana opambana ayamba kupatsirana mpira pakati, afika pagolo n'kubwerera dala, wina akuseka, wina wagwira m'chiuno. Mwana wapagolo si chitsiru. Amaona kuti anzakewa asiya kumuyesa mdani woyenera kulimbana naye ndipo ayamba kumulera ngati khanda. Amene munasewerapo bawo ndi agogo anu mukudziwa kuwawa kwake pamene muzindikira kuti akukusiyirani dala. Kugonja kumapweteka tsiku limodzi, koma kuzindikira kuti mnzako anakuona wosayenera ngakhale mphamvu zake kumakhalitsa. Chifundo china chimabisa mnyozo mkati mwake. Pamenepa mnyamata wa kabaza uja anali ndi mfundo, ngakhale anainena mwachipongwe: wosewera amene akuthamangabe mwakhama pa mphindi yomaliza akuuza mnzake kuti, ndikukuwerengerabe. Mphunzitsi wanzeru ali nazo njira zina, monga kutulutsa akatswiri ake n'kulowetsa ana amene amangokhalira pa benchi, kapena kuletsa magule ndi zidolo pa chigoli chachisanu ndi chiwiri. Koma kuuza mwana kuti aphonye dala ndi kumuphunzitsa bodza.

Ndiye ngati ana ogoletsa sanalakwe, n'chifukwa chiyani funso la mayi uja linandilasa? Chifukwa linali la ine, osati la iwo.

Osewera onse 22 anali ataikapo kanthu: thukuta, miyendo, ulemu wawo pamaso pa anthu. Aliyense wa iwo akanatha kuchita manyazi tsiku limenelo. Ife akumbuyo kwa golo sitinaikepo kalikonse, ngakhale ndalama ya pachipata panalibe. Munthu amene sangagonje ndiye anali kukuwiza mwana amene analimba mtima kuima pamalo pomwe munthu amagonjera. Ndipo onani nthawi imene phokoso lathu linasintha. Pa chigoli choyamba ndi chachiwiri tinkayang'ana ana athu, tikuitana mayina awo. Kuyambira chachisanu maso onse anatembenukira kwa mwana mmodzi wa eni ake. Kupambana kunali kutatsimikizika kale, kotero chimene tinkadya kuyambira pamenepo sichinalinso chimwemwe cha kupambana. Tinkadya manyazi a mwana, ndipo tinkafuna ena owonjezera.

Tili ndi umboni wa m'dziko mwathu momwe kuti zimwemwe ziwirizi n'zosiyana. Pa 31 Meyi 2008, pa bwalo la Kamuzu ku Blantyre, Flames inathidzimula Djibouti zigoli 8 kwa chimodzi, mphunzitsi ali Kinnah Phiri. Ine ndinali mwana wa pulayimale, ndipo ndikukumbuka tili mozungulira wailesi, akuluakulu akufunsana kuti Djibouti ili kuti. Patangopita masabata awiri, pa bwalo lomwelo, Flames inagonjetsa Egypt, akatswiri a Africa panthawiyo, ndi chigoli chimodzi chokha cha Chiukepo Msowoya chakumapeto kwenikweni. Funsani aliyense wokonda mpira kuti pa masiku awiriwa ndi liti limene amalifotokozabe akunjenjemera mawu. Chigoli chimodzi chija n'cholemera kuposa zisanu ndi zitatu zija, chifukwa kukoma kwa kupambana kumachokera ku mphamvu za amene wamugonjetsa. Chimodzimodzi ma Queens pamene anagonjetsa New Zealand 57 kwa 53 pa masewera a Commonwealth mu 2018. Mtima wathu umadziwa kale kuti kugwetsa wofooka kulibe ulemerero. N'chifukwa chake masewera akapendekeka timafunafuna zokometsera zina, ndipo chapafupi ndi chipongwe.

Pali mwambi umene anthu amathamangira pa nkhani yotere, woti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndi woona. Mu 1962, dziko lino lisanalandire ufulu wodzilamulira, timu yathu inagonja kwa Ghana zigoli 12 kwa duu. Mu 2019 ma Scorchers anagoletsa Mozambique zigoli 11 kwa chimodzi, ndipo atsikana amene anasenza zigolizo ndi a dziko limene lili kuseri kwa phiri kuno, kumene ambiri a ife tili ndi abale. Gudumu limazunguliradi. Komabe mwambiwu sundikwanira. Umandiuza kuti ndisaseke chifukwa mawa adzandiseka, ngati kuti chifundo ndi ndalama yosungitsa ku banki m'khonde kuti idzandithandize pa tsiku langa. Nanga ndikanakhala wotsimikiza kuti timu yanga sidzagonja mpaka kalekale, kodi kukuwiza mwana uja kukanakhala bwino? Iye sakanamva kuwawa kochepa chifukwa choti ine ndine wotetezeka. Cholakwacho chinachitikira pa iye, Loweruka lomwelo, kaya mawa langa lidzakhala lotani.

Ndipo chimene tinkamusekera sichinali chake. Zigoli 11 zija zinagoletsedwa wenzulo isanalire. Ana a kuno ali ndi mpira weniweni ndi mphunzitsi amene amawasonkhanitsa masana. Ena ali ndi nsapato, ndipo anachoka kunyumba atadya. Alendo aja mpira umene amaudziwa ndi wachikulunga, umene sudumpha ngati wachikopa, ndipo anafika miyendo itatha kale ndi ulendo. Madera a kumunsiko ndi amene madzi amawavutitsa kawirikawiri. Tonse tikukumbuka Malichi 2023, pamene namondwe Freddy anatseketsa sukulu ndipo makalasi ambiri anasanduka misasa ya anthu othawa madzi. Palinso nkhani imene timainong'ona koma sitiinena poyera, ya ana a ndevu amene amasewera mpira wa pulayimale. Sindikunena kuti m'timu yathu analimo. Ndikungoti pamene mwana wa zaka 12 waima kutsogolo kwa wa zaka 16, kusiyanako sikuchokera ku ulesi wake.

Ifenso monga dziko timakhala kumbali imeneyo nthawi zambiri. Mu 2009 anyamata athu osapitirira zaka 17 anafika ku mpikisano wa dziko lonse ku Nigeria. Anagonja masewera onse atatu, kwa United Arab Emirates, United States ndi Spain, n'kugoletsa chigoli chimodzi chokha, chimene analowetsa pagolo la Spain. M'timu ya Spain imeneyo munali anyamata monga Isco ndi Koke, oleredwa kuyambira ali aang'ono m'masukulu a mpira a makalabu akuluakulu. Palibe Mmalawi wanzeru amene anganene kuti ana athuwo akanangokhala kunyumba. Timanyadira kuti anafikako. Nanga bwanji mawu omwewo, oti ofooka asamabwere, amatuluka mosavuta pakamwa pathu pamene ofookawo ndi ana a kumudzi ndipo Spain ndife? Amenewa ndi mayankho anga kwa munthu wachitatu wa pakhonde paja. Timu imene siloledwa kukumana ndi amphamvu sidzadziwa kutalika kwa mtunda umene yatsala nawo, ndipo amphamvu amene amangosewera okhaokha amaiwala kuti nsapato zawo sanabadwe nazo.

Wina anena kuti, akatekisiti mwakulitsa nkhani, kunyogodolana ndi mchere wa mpira. Ndikuvomera pang'ono. Masapota a Bullets ndi a Wanderers akhala akunyozana kuyambira ine ndisanabadwe, ndipo ambiri mwa iwo amakwera minibasi imodzi pobwerera, mawa lake n'kukhalanso benchi limodzi m'tchalitchi. Chipongwe chotero chili ngati cha pachibale cha chisuweni: onse awiri ndi akuluakulu, onse ali ndi pakamwa, ndipo wonyozedwa lero adzabweza mwezi wamawa. Mwana wapagolo uja analibe pobwezera. Anali yekha, kwa eni, atatembenuzira msana khamu la anthu a msinkhu wa bambo ake. Nthabwala imafuna anthu awiri otha kusekana. Pamene mmodzi yekha ndiye akuseka, dzina lake ndi lina.

Chimene chikundivuta kwambiri ndi choti ana atatu a m'kalasi langa anandiona. Lamulungu lililonse ndimaima patsogolo pawo n'kuwauza kuti munthu aliyense ali ndi ulemu umene sanaugule ndipo palibe angamulande. Loweruka anaphunzira kwa ine phunziro lina, loti ulemuwo umatha zigoli zikafika zisanu. Ana sasunga zimene timanena pa bolodi monga mmene amasungira zimene timaseka.

Lachitatu, titamaliza kalasi, ndinawaimitsa atatuwo n'kuwapepesa. Anadabwa, chifukwa iwo ankayembekezera kuti ndiwayamikira, ndipo ndinawayamikiradi, pakuti anasewera bwino. Kenako mmodzi wa iwo, amene anagoletsa zinayi, anati: "Koma akatekisiti, goloboyi uja ndi dolo. Mipira imene anagwira ndi yambiri kuposa imene inalowa. Wina uja wa ine anautulutsa ndi chala." Ine amene ndinaima mikono itatu kumbuyo kwa mwanayo kwa masewera onse sindinawerengeko ngakhale umodzi mwa mipira imeneyo. Ndikukumbuka chabe kuti ulendo uliwonse ankapita yekha kukatola mpira kuthengo kuseri kwa golo, pakati pa miyendo yathu, n'kubwerera pamalo pake, ndipo sanapemphe kuti amusinthe.

Masewera achibwereza akakhala kwawo kumunsiko mwezi wamawa. Ndabwereka kale njinga. Ndawatumanso anyamata anga kuti akafike msanga, akafunse dzina lake lenileni, chifukwa mpaka lero limene ndikulidziwa ndi lija tinamupatsa ife.