Kodi Cotola ndi Cakuba?

M'maiko a kutsidya kwa nyanja, makamaka ku America ndi ku England, muli makina owerengera makobiri amene amaima m'masitolo akuluakulu. Kampani yochuka pa nchito imeneyi ndi Coinstar, imene inayamba m'caka ca 1991. Munthu amadza ndi makobiri amene wakhala akusunga m'citini, nawakhuthulira m'makinamo. Makinawo amawerenga, natulutsa kapepala kosonyeza ndalama zace. Koma makobiri opindika, alitsiro, kapena a dziko lina makinawo amawakana, ndipo amagwera m'kambale ka m'munsi. Anthu ambiri amacoka osayang'anamo. Tsono alipo ena amene anazolowera kupisa dzanja m'kambalemo podutsa, pakuti ku America makobiri ena a caka ca 1964 ndi zaka za m'mbuyo mwace anapangidwa ndi siliva, ndipo makina amawakana kawirikawiri. Kodi wopisa dzanjayo ndi mbala, kapena ndi munthu wamwai cabe?

Funso limeneli si la kutali kokha ai. Kafue ndi mzinda wa anthu apaulendo kuyambira 1906, pamene ulalo wa njanji unamangidwa pa mtsinje. Ndiponso mseu wocokera ku Lusaka kunka ku Livingstone ndi ku Chirundu upita pomwepo. Pamene pali apaulendo ndalama sizileka kugwa. Wina amaiwala cenji pa thebulo la sitolo, wina amagwetsa kobiri pa mpando wa basi, wina amacoka mofulumira pa makina a banki, ndalama yapepala nitsala pakamwa pa makinawo. Wodza pambuyo pace amapeza mlandu womwewo wa kambale ka ku America, ndipo ayenera kuuweruza yekha mumtima, popanda mboni.

Ambiri amadzikhululukira ndi mau akuti, "Nkandalama kakang'ono, ndani angakadandaule?" Maganizo otere ali ndi pocokera. M'masiku a Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland kobiri linali ndi ciboo pakati, ndipo anthu anali kuwatunga pa cingwe kuti lingataike ngakhale limodzi. Kwacha ndi ngwee zinadza mu 1968. Koma mitengo ya zinthu itakwera koopsa m'zaka za m'ma 1990, makobiri anasowa cogula, ndipo ana ambiri anakula osawagwira m'manja. Pamene Bank of Zambia inasandutsa K1,000 kukhala K1 mu 2013, nibweza makobiri a 5, 10 ndi 50 ngwee ndi a K1, anthu anali atazolowera kale kuwapeputsa. Komatu kucepa kwa ndalama sikusintha mwini wace. Kobiri limene kwa mwini galimoto liri ngati citsotso ca botolo, kwa mai wogulitsa nsomba m'mbali mwa mseu ndilo phindu la mulu wace. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo wotola sadziwa kuti kobirilo lacoka pa mtolo wa yani.

Makolo anali ndi muyeso wabwino woposa kukula kwa cinthu. Mwini munda akatha kukumba mtedza wace, natuta zonse kunka nazo ku nkhokwe, ana ndi amai osauka anali kulowa m'mundamo kukakunkha. Panalibe wowachula mbala, cifukwa mwini wace anali atatsiriza, ndipo zotsalazo anazisiya alikudziwa. Koma mwana wolowa m'munda mwini wace akali kukumba, kapena wonyamula khasu loiwalika pamzere, sanali kukunkha, anali kuba. Malamulo a Mose nawonso analekanitsa ziwirizi: khunkha la m'munda linali la osauka ndi alendo, koma ng'ombe yosokera kapena cobvala cotaika cinayenera kubwezedwa kwa mwini wace. Cotero mafunso oyenera ndi awiri: kodi mwini wace wacisiya dala kapena waciiwala? Ndipo ngati waciiwala, kodi angapezeke?

Malamulo a Boma atsata njira yomweyi. Lamulo la milandu la dziko la Zambia silimuyesa mbala munthu wotola cinthu ngati iye sadziwa mwini wace, ndipo ali ndi cifukwa comveka cokhulupirira kuti mwiniyo sangapezeke. Koma woona cikugwa m'thumba la mnzace, nacipondera ndi phazi kufikira mnzaceyo atacoka, alibe pothawira. Mu 1981 bwalo lalikulu la ku England linaweruza mlandu wa munthu wina dzina lace Parker, amene anatola cibangiri ca golidi m'cipinda codikiriramo ndege ku Heathrow. Iye anacipereka kwa anchito a kampani ya ndege, nawapempha kuti mwini wace akapanda kuoneka adzambwezere. Kampaniyo inagulitsa cibangirico mapaundi 850, koma oweruza anati ndalamazo nza Parker. Munthuyo anapambana ali ndi nkhope yoyera, cifukwa anayamba wafuna mwini wace asanafune phindu lace.

Tsono mlandu wa makobiri ungagawidwe motere. Ngati mwini wace akali kuoneka, ngakhale wafika kale pakhomo, cofunika ndi kumuitana. Kukhala cete pamenepo ndiko kuba kwa munthu wamantha. Ngati wacoka, koma malowo ali ndi wowayang'anira, monga sitolo, banki kapena basi, ndalama iperekedwe kwa woyang'anirayo, pakuti woiwala akakumbukira amabwerera komweko. Wina adzati, "Nanga woyang'anirayo akaika m'thumba mwace?" Zimenezi zimacitika ndithu, koma mlanduwo udzakhala wace, ndipo kusakhulupirika kwa munthu wina sikupatsa mnzace cilolezo. Koma kobiri logona m'pfumbi la mseu waukulu, pamene mwini wace kapena wafika kale ku Mazabuka, ndilo khunkha lenileni. Wolitola asadzibvute mumtima, pakuti cilungamo sicilamula munthu kuthamangira basi imene sadziwa kumene yanka. Momwemonso makobiri okanidwa ndi makina, amene mwini wace wawaona nawasiya, ndi khunkha. Koma ngati sanawaone, ndipo akali m'sitolomo, nga iye yemwe.

Anyamata ndi atsikana otsiriza sukulu asamale koposa pa mfundo ina iyi. Ambiri a iwo adzagwira nchito pa thebulo la ndalama, m'sitolo, m'ofesi, kapena m'tinyumba totumiziramo ndalama pa lamya. Kwa munthu wa nchito yotere kulibe khunkha ai. Iye anaikidwa pamenepo kuti asunge za eni ace, ndipo cotsala pa thebulo lace cakhala m'manja mwace ngati coikiza. Kalaliki wogwidwa ndi mlandu wa ndalama zambiri kawirikawiri sanayambe ndi zambirizo. Anayamba ndi cenji ca nkhalamba yosawerenga bwino, naona kuti palibe wafunsa, ndipo dzanja linazolowera njira ya kuthumba.

Pali ciyeso cimodzi cosafuna buku la malamulo. Wokunkha amalowa m'munda usana, mwini wace alikuona, ndipo angathe kumpatsa moni. Cifukwa cace munthu asanawerame kutola kobiri, adzifunse ngati akadatola mwini wace ataima pambali pace. Ngati ayamba wayang'ana uku ndi uku kuti aone ngati alipo womuona, mtima wace wayankha kale kuti cinthuco ncamwini.