KODI WODZIFUNIRA ULULU AYENERA CIFUNDO?

Makolo athu anati, "Walira mvula walira matope." Mwambi umenewu ngwoona, ndipo ine ndauphunzitsa kwa ana a sukulu zaka zambiri. Koma caka catha ndinaumva ulikunenedwa pa khomo la munthu wodwala, ndipo kuyambira pamenepo pali funso limene landisowetsa mtendere. Funsolo ndi ili: munthu akamva ululu umene anaufuna yekha, kodi ife abale ace tiyenera kumcitira cifundo, kapena tingomsiya kuti akolole cimene anafesa?

Mkuru wanga ali ndi mwana wamkazi amene agwira nchito yoluka tsitsi ku Joni. Pa mwambo wathu wa Citumbuka mwana wa mkuru wako ndi mwana wako, cotero iye amandicha adada. M'mwezi wa July, nthawi imene mphepo yozizira itsika ku mapiri a Nyika, mwanayu anafika kwathu kuno ku Katowo alikuyenda cowerama ngati nkhalamba. Poyamba tinayesa kuti wabvulala pa ngozi ya galimoto. Madzulo ace anaulula kwa ankhazi ace kuti panalibe ngozi. Iye anapita yekha kwa dotolo kuti amcotse mafuta a pa mimba ndi a m'nchafu, nalipira ndarama zimene anasunga zaka ziwiri.

Ambiri a ife sitinamvepo za opareshoni yotere, tsono ndiyambe ndaifotokoza. Pa Cingerezi amaicha liposuction, ndiko kunena kupopa mafuta. Pansi pa khungu la munthu pali mafuta, monga momwe tionera tikapha nkhumba. Dotolo amgoneka munthu ndi mankhwala, kapena acititsa dzanzi malo okhawo, naboola timabowo pa khungu. Athiramo madzi a mcere osakaniza ndi mankhwala oletsa ululu ndi ocepetsa kutaya mwazi. Atatero alowetsa kacitsulo kamphako konga bango, nakayendetsa uku ndi uku pansi pa khungu, makina alikukoka mafutawo. Njira imeneyi anaikonza dotolo wa ku France, Yves-Gérard Illouz, m'caka ca 1977, ndipo mu 1987 dotolo wa ku America, Jeffrey Klein, anaonetsa ubwino wa kuthira madzi ambiri aja. Timabowo timakhala tating'ono, koma bala leni leni liri m'kati, ndipo likula monga malo onse amene kacitsuloko kanayendamo.

Masiku oyamba thupi liwawa ngati lomenyedwa ndi cibonga, ndipo pa timabowo pacuca madzi ofiirira. Khungu litupa ndi kucita mikwingwirima. Wodwala ayenera kubvala cobvala cothina kwa masabata 4 kapena 6 kuti kutupa kucepe. Dzanzi likhoza kukhala miyezi ingapo, ndipo thupi silifika pa maonekedwe ace eni eni kufikira patapita miyezi 3 kapena 6. Afunikanso kuyendayenda pang'ono tsiku ndi tsiku kuti mwazi usaundane m'mitsempha ya m'miyendo. Kukhala pa mpando nthawi yaitali nkoopsa, koma mwana wathuyu anakhala m'basi masiku atatu, cifukwa sanathe kuimirira pa nchito ndipo ndarama za nyumba zinamthera.

Musayese kuti nchitoyi njopanda imfa. Pa 23 October 2005, Stella Obasanjo, mkazi wa Olusegun Obasanjo amene anali mtsogoleri wa dziko la Nigeria, anamwalira ku Spain atacitidwa opareshoni yomweyi. Kacitsulo kaja kanalowa m'mimba ndi kubvulaza matumbo ndi ciwindi, ndipo mu 2009 bwalo la milandu linapeza dotoloyo wolakwa. Ngati zinatero kwa munthu wa ndarama ndi ulemu wotere, nanga kwa mwana woluka tsitsi? Ndiponso opareshoniyi siciza kunenepa. Mu 2011 madotolo a ku Colorado, m'dziko la America, anapeza kuti patapita caka mafuta anabwerera m'matupi a akazi amene anapopedwa, nakakhala m'malo ena.

Mbiri ya mwanayu itawanda, mudzi unaweruza msanga. Pa citsime amai anati, "Walira mvula walira matope." M'zigafa za fodya amuna anawerengetsa matumba a feteleza ndi malata amene ndaramazo zikadagula. Ine ndemwe ndinabvomerezana nao. Nyumba yanga iri pafupi ndi ya mkuru wanga, koma ndinatha masiku asanu osakamzonda wodwalayo, cinthu cimene sindikadacita kwa munthu wodwala malungo.

Amene sanaweruze ndi mai anga okha, agogo ace a mwanayo. Iwo ndiwo anali kumphikira phala, kumsambitsa, ndi kumgwira dzanja poyenda pa bwalo. Nditawadandaulira kuti alikudzibvuta ndi munthu wodzifunira mabvuto, anandiitana pafupi nandionetsa mphini za m'masaya mwao. Anati, "Mwana wanga, mphini izi ndinazifuna ndekha ndiri namwali. Ananditema ndi lumo napakamo makala, ndipo ndinalira usiku wonse. Koma amai anga sanandiuze kuti ndadzifunira. Anandifunditsa nsaru yao, nakhala nane mpaka mbanda kuca."

Mau amenewa anandicititsa manyazi, nandikumbutsa kuti kupirira ululu cifukwa ca kukongola si cinthu ca Azungu okha kapena ca masiku ano okha. Pamene David Livingstone anayenda m'cigwa ca Shire mu 1859, anapeza akazi a Cimang'anja ataboola mlomo wa m'mwamba ndi kuikamo pelele. Ena mwa makolo athu anali kusema mano. Mbadwo uli wonse uli ndi lumo lace, ndipo umaseka lumo la mbadwo wina.

Tsono nditaganiza mofatsa ndinapeza zifukwa zitatu zimene cifundo ciyenera kwa wodzifunira ululu.

Coyamba, ululu sufunsa cifukwa cace. Bala la munthu wopusa liwawa monga bala la munthu wanzeru. Ndipo tikayang'ana bwino, mabvuto ambiri amene tiwaona ife eni ace tinaikapo dzanja. Wina athyoka mwendo pothamangitsa njinga pa mtsetse, wina alumidwa ndi njuci pofula uci, wina apsa ndi moto ataledzera. Tikanena kuti madzi akumwa tipatse okhawo amene alibe colakwa, ndani mwa ife adzamwa? Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe.

Caciwiri, si zoona kuti mwanayu anafuna yekha. Atabwera ku ukwati wa mbale wace caka cinzace, ena mwa amai omwe aja a pa citsime anamseka pa maso pa anthu kuti wanenepa ngati mtsuko. Ku Joni anzace anali kumuonetsa zithunzi za pa Facebook za akazi a m'ciuno mwa mabvu. Komatu m'zaka zimene nthenda ya Edzi inasautsa kwambiri, malilime athu omwewa anali kunong'oneza munthu ali yense woonda. Wonenepa timseka, woonda timnena. Dotolo anagwira kacitsulo, koma amene anamtuma mwanayo kwa dotolo ndi pakamwa pathu. Sikuyenera kuti amene anathandiza kukumba dzenje aime pa mphepete ndi kuseka wogweramo.

Cacitatu, citonzo cimapha. Sabata laciwiri ali pa mudzi, limodzi la mabala ace linafiira ndi kuturutsa mafinya, thupi linatentha, koma iye anabisa masiku awiri poopa kuti anthu anena. Agogo ace ndiwo anazindikira pomsambitsa. Usiku womwewo tinamnyamula kunka naye ku cipatala ca pa Katowo pano, ndipo m'mawa anatitumiza ku cipatala ca boma ku Rumphi, kumene anagona masiku asanu ndi limodzi. Anamwino sanamfunse cifukwa cimene anafunira kucepa mimba. Anatsuka bala, nambaya mankhwala. Akadabisa tsiku lina kapena awiri, kaya tikadanena ziti lero. Cifukwa cace ndikupemphani, inu amene musamala munthu wocitidwa opareshoni iri yonse, kuti mukaona thupi latentha, bala lafiira kapena kununkha, ululu ulikukula m'malo mocepa, mwendo umodzi watupa, kapena munthu alikubanika ndi kumva kuwawa m'cifuwa, musadikire kuti kuce.

Kapena wina adzati, "Aphunzitsi, mukamcitira cifundo wotere, kodi simulimbikitsa ana ena kutsata njira yomweyo?" Funso limeneli nlolemera, ndipo sindilikana. Cifundo sicitanthauza kuti tinene kuti anacita bwino. Ine kufikira lero ndiyesa kuti ndaramazo zinatayika, ndi kuti anaika moyo wace pa ngozi cifukwa ca cinthu cosakhalitsa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Koma khutu litsinidwa munthu asanagwe, kapena atadzuka. Kumtsina ali gone pa mphasa ndi nkhanza cabe. Nthawi ya uphungu ndi pamene mwana alikulingalira. Pamenepo timfunse ngati dotoloyo ngwobvomerezedwa ndi boma la dzikolo, ngati wamuuza zoopsa zonse, ngati pali womsamala masabata oyamba, ndi ngati zatsala ndarama za cipatala zinthu zikabvuta. Safunsa anadya phula.

Ndipo ndaona ndi maso anga kuti cifundo ciphunzitsa koposa citonzo. Mwanayu atacira, atsikana a m'mudzi anali kudza kwa iye kuti awaluke tsitsi, ndipo iye anawauza zonse osabisa: usiku wosagona, cobvala coyabwa, ndi ngongole imene inatsala. Mau ace analowa m'makutu mwao koposa mwambi uli wonse umene ine ndikadanena m'kalasi. Tikadapitiriza kumseka, akadacoka mwakacetecete, ndipo ana athu akadangoona cithunzi cace cokongola osadziwa mtengo wace.

M'mwezi wa October, asanabwerere ku nchito, ndinamuona alikucokera ku cigayo atasenza ufa, alikuyenda coongoka. Madzulo ndinapita kukampepesa cifukwa ca masiku asanu aja. Iye anagwada nati, "Adada, bala linandiwawa, koma cimene cinandiwawa koposa ndi kumva mau anu kuseri kwa mpanda, inu osalowa."

Abale anga owerenga, matope alipo ndithu kwa wolira mvula, ndipo makolo sananame. Koma makolo omwewo sanatiuze kuti munthu akaterereka m'matopemo timlambalale. Tiyambe tamdzutsa ndi kumsambitsa, ndipo zomlangiza tinene atakhala pansi ndi kudya. Koposa zonse, tisamale pakamwa pathu pa matupi a ana athu, wonenepa ndi woonda yemwe, kuti pasapezeke wina wonka kwa dotolo cifukwa ca kuseka kwathu.