ANA ATHU AOPA UDZUDZU, NASIYA KHOMO LOTSEGUKA

Abale okondedwa mwa Ambuye, inu a ku Kawale ndi ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona, ndi inunso a kumidzi amene ana anu akhala kwa abale m'malo amenewa cifukwa ca sukulu, cherani khutu.

Nthenda ya Edzi inayamba kudziwika m'dziko lathu m'caka ca 1985. Ana athu anabadwa iyo iripo kale, ndipo dzina lace alidziwa onse. Koma njira zace kodi azidziwa? Pamene boma linafunsa anthu m'zaka za 2015 ndi 2016, kunaoneka kuti mwa anyamata ndi atsikana a zaka 15 kufikira 24, odziwa bwino za kacirombo ka HIV sanakwane theka.

Ena ati udzudzu ukanyamula. Iai, udzudzu upatsa malungo, koma kacirombo aka sikakhala ndi moyo m'mimba mwace. Ena ati kalowa podyera mbale imodzi, kapena pogwirana canza, kapena ndi ufiti. Taonani cipatso ca bodza ili: mwana amene anabadwa nako, wosacimwa kanthu, akhala yekha pabwalo la sukulu, anzace nakana kumwera naye cikho cimodzi. Ndipo ena a okanawo ndiwo ana a Akristu! Kodi sitiwerenga m'mutu woyamba wa Marko kuti Ambuye wathu sanaope kuika dzanja pa wakhate?

Tsono pamene pali ngozi yeniyeni, pomwepo saopa. Mnyamata ati, "Uyu ngwonenepa, alibe kanthu." Mtsikana ati, "Kamodzi kokha sikangalowe," kapena, "Ndikasamba msanga kacoka." Zonsezi nzabodza. Munthu akhoza kukhala nako zaka zambiri thupi lace liri losalala. Njira zace ndi izi: kugonana, mwazi wotsala pa lumo kapena pa singano, ndi kucokera kwa mai kunka kwa mwana ali m'mimba, pobadwa, kapena poyamwa. Wodziletsa aitseka njira yoyambayo. Kondomu nayonso icinjiriza, ndipo kubisa ici sikupulumutsa mwana. Ife akulu ticita manyazi, titi nkhani zotere nza anankungwi ndi atsibweni. Koma m'tauni mtsibweni ali kutali, ndipo mwamuna wa ndalama woima pa golosale ali pafupi.

Ena aopa kuyezetsa, poyesa kuti wopezeka nako wafa kale. Si tero ai. Kuyambira caka ca 2004 mankhwala a ARV aperekedwa kwaulere m'zipatala za boma, ndipo wakumwa mokhulupirika akhala ndi moyo, nakwatira, nabala ana opanda kacirombo. Pakuti kakacepa kwambiri m'mwazi, sapatsanso mnzace wa m'banja. Ku Bwaila ndi ku Kamuzu Central ayeza mwazi osalipiritsa, ndipo mwana wa zaka 13 aloledwa kukayezetsa yekha. Koma mtima wace ukhazikika koposa akapita ndi amace kapena atate wace.