Nthochi za amayi, penti wa mwana

Mtsikana wina amene ndamuphunzitsa kuno ku Petauke wamaliza Giredi 12, ndipo akufuna kukaphunzira zojambulajambula pa Evelyn Hone College ku Lusaka. Amayi ake amagulitsa nthochi pamsewu wa Great East ku Nyimba, kuthamangira basi iliyonse ikaima. Loweruka lina anandipeza kunyumba, nakhala pakhonde, nati: "Aphunzitsi, tamuuzani mwana wanuyu. Nthochi zanga zikagule penti?"

Funso lawo silachibwana. Kodi mwana wophunzira ndi thukuta la wina ali ndi ufulu wosankha njira yomwe mwina sidzabweza thukutalo? Kunena kuti aliyense achite zomwe mtima wake ukufuna n'kosavuta kwa ine wolandira malipiro mwezi ndi mwezi. Mtsikanayu ali ndi azing'ono ake atatu, ndipo onse akuyang'ana dengu lomwelo la nthochi.

Komabe ndinakanika kumuletsa. Tsiku lomwe ndinalandira digiri pa University of Zambia, ine ndi amayi anga tinajambulitsa patsogolo pa chiboliboli chotchedwa The Graduate. Sitinafunse kuti anachipanga ndani. Ndi Henry Tayali, wobadwa mu 1943, amene anaphunzira luso limeneli ku Makerere, kenako ku Düsseldorf, n'kumwalira mu 1987. Ife tonse amene makolo anatikankhira ku maphunziro "enieni" timakaonetsera mikanjo yathu pa ntchito ya munthu wa penti. Inde, Tayali ndi mmodzi. Ambiri amathera polemba zikwangwani za mashopu kapena kugwira choko ngati ine, ndipo sindikuonapo chochititsa manyazi.

Ngongole ya mwana kwa kholo ilipo ndithu, sindikutsutsa. Chimene ndikukana n'chakuti njira yokhayo yoibwezera ndi kukwirira luso lako. Koma wofuna kudya nthochi za amayi ake zaka zingapo aziwerenge kaye, asabisale kumbuyo kwa mawu akuti mphatso.

Choncho ndinamupatsa pepala. Ndinati alembe fizi, lendi ku Lusaka, penti, maburashi ndi nsalu zojambulapo, zonsezo azisandutse mikoko ya nthochi, kenako akawawerengere amayi ake yekha, ine kulibe. Anayang'ana pepalalo nthawi yaitali, n'kulipinda kanayi.

Papita milungu iwiri tsopano. Dzulo ndinadutsa pa Nyimba, amayi aja anandigulitsa nthochi pawindo la basi, koma za pepala sanatchule.