Kodi Cidakwa Ciyenera Kulandira Ciwindi Cina?

Mowa ukamwedwa zaka zambiri uumitsa ciwindi, ndipo mwini wace afa. Koma kuyambira 1963, pamene Thomas Starzl anayamba nchitoyi ku Denver, madokotala aphunzira kucotsa ciwindi coonongeka ndi kuikapo ca munthu wina. Ziwindizo nzocepa, ozifuna ngambiri. Nanga wodziononga yekha ndi mowa alandire kodi?

Okana akumbukira George Best, katswiri wa mpira, amene analandira ciwindi mu 2002, nabwerera ku mowa, namwalira mu 2005. Zipatala zambiri zinalamulanso kuti wodwala ayambe waleka mowa miyezi 6. Koma ena anafa miyeziyo isanathe. Mu 2011 madokotala a ku France ndi Belgium anasimba za odwala 26 osankhidwa bwino, amene analandira ziwindi osadikira. Ambiri anapulumuka, ndipo atatu okha anamwanso.

Cotero, abale, dokotala sali woweruza milandu, ndipo cipatala si bwalo. Asafunse kuti, Wacimwa ndani? pakuti ambiri a ife tidwala ndi zocita zathu. Afunse kuti, Adzasunga mphatsoyi ndani? Ndipo wolandirayo akumbukire kuti wina anatsala pamzere kuti iye akhale moyo.