Mtengo wa Kaduwa ka M'chisanu

Kumapeto kwa mwezi wa Januwale, pamene dziko la Mangalande lili gwaa ndi chisanu ndipo mitengo yayoyola masamba onse, anthu amalawirira kukandanda pa chipata cha munda wakale wa Myddelton House ku Enfield, kumpoto kwa mzinda wa London. Chipata chikangotsekulidwa amathamangira kumatebulo kumene alimi a maluwa ayala timiphika ting'onoting'ono. M'kamphika kalikonse muli kaduwa koyera, kozyolika, kosaposa chikhatho kutalika kwake. Angerezi amakatcha snowdrop, kutanthauza dontho la chipale chofewa, pomwe akatswiri a zomera amati Galanthus, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza duwa la mkaka. Kaduwaka kamamera kuchokera ku mzu wonga anyezi, ndipo mzu umenewu ndiwo malonda ake.

Mitengo ya mizuyi imadzidzimutsa. M'chaka cha 2011 mzu umodzi wa mtundu wotchedwa E. A. Bowles, umene unapezeka m'munda womwewu, unagulidwa mapaundi 357 pa okushoni ya pa intaneti. Mu 2012 mtundu wa Elizabeth Harrison unafika mapaundi 725. Mu 2015 mlimi Joe Sharman anagulitsa mzu wa Golden Fleece pa mapaundi 1,390, ndipo mu 2022 mtundu wake wina, Golden Tears, unapita pa mapaundi 1,850. Munthu womva ziwerengero zimenezi sachedwa kuweruza kuti uku n'kuseweretsa ndalama m'dziko limene ena amagona ndi njala. Chiweruzochi chili ndi maziko, koma tisanachivomereze ndi bwino tifunse kuti cholakwa chenicheni chagona pati. Kodi chili pa mtengo, pa mtima wa wogula, kapena pa malo ena amene maso athu safikapo?

Tiyambe ndi chimene wogulayo amagula. Kukongola kokha sikungafotokoze mtengowo, pakuti mtundu wamba, Galanthus nivalis, umayala m'nkhalango ndi m'manda a matchalitchi ngati nsalu yoyera, ndipo aliyense amauona ulere. Mitundu yamtengo wapatali imasiyana ndi wambawo pa tinthu tating'ono kwambiri: kadontho kachikasu pamene ena ali ndi kobiriwira, kapena timasamba ta duwa tofanana kutalika pamene mwa ena tamkati ndi tatifupi. Kuti munthu aone kusiyanaku amayenera kugwada pa dothi lozizira n'kusuzumira kunsi kwa duwalo. Choncho wogula amalipira kusowa kwa chinthucho. Apa m'pamene pali vuto loyamba la chikhalidwe. Ngati chimwemwe changa pa duwa chimadalira kuti mnansi wanga alibe, ndiye kuti chimene ndikukonda ndi kusiyana kwanga ndi mnansiyo, ndipo duwa langokhala mboni chabe. Chikondi chotere chimazilala tsiku limene duwalo laphuka kuseri kwa mpanda wa wina.

Komabe kuimba mlandu womwewu onse osonkhanitsa maluwawa kungakhale kusaona bwino. Kugwada m'chisanu pofuna kusiyanitsa kadontho kena ndi kanzake ndi mwambo wa kupenyetsetsa, umene sayansi ndi ndakatulo zomwe zimatsamirapo. Munthu amene waphunzitsa maso ake kuona kusiyana pakati pa mitundu yoposa 1,000 ya duwa limene ena amangoti loyera, walemeretsa dziko limene akukhalamo popanda kulanda wina kanthu. Ndiponso mtengo wokwerawo nthawi zina umakhala malipiro a thukuta la zaka zambiri, chifukwa mbewu ya duwali imatenga zaka zingapo isanaphuke koyamba, ndipo wofuna mtundu watsopano amayesa mibadwo ingapo ya mbewu, zambiri n'kutaya.

Chochititsa chidwi n'chakuti chomeracho chimakana kukhala chosowa. Mzu umodzi umaswana chaka ndi chaka mpaka kukhala phata lalikulu. Alimi amafulumizitsanso kuswanaku pocheka mzu m'tizidutswa tambiri, kalikonse kokhala ndi mamba awiri ndi kachigawo ka tsinde lapansi, n'kutisunga pofunda kwa milungu ingapo kufikira titatulutsa timizu tatsopano. Pakapita zaka zitatu kapena zinayi timizuto timaphuka. N'chifukwa chake mtundu umene unagulidwa mapaundi mazanamazana umatsika mtengo m'zaka zowerengeka, kufikira mlimi wamba akhoza kuugula. Golide ndi miyala yamtengo wapatali zimasunga mtengo wake pokhala m'bokosi lokiyidwa. Mzu wamoyo ukatsekeredwa umafota. Ukadzalidwa umachuluka n'kudzitsitsa mtengo wokha. Wogula woyamba uja, afune asafune, amakhala walipirira anthu amene adzaugule motchipa m'tsogolo.

Pali chinanso. Mzu wosowa umene uli m'munda umodzi wokha uli pa ngozi, chifukwa mphutsi za ntchentche yoboola mizu, matenda a nkhungu, ngakhale mbala, zikhoza kuutha usiku umodzi. Alimi a maluwa anazindikira kalekale kuti njira yodalirika yosungira chomera chosowa ndiyo kugawirako anzawo, kuti chako chikafa ukapemphe kwa amene unam'patsa. Akuluakulu athu ananena zomwezi m'mawu awiri: kupatsa n'kuika. Edward Augustus Bowles, amene anakhala ku Myddelton House kuyambira kubadwa kwake mu 1865 mpaka imfa yake mu 1954, amakumbukiridwa ngati munthu amene alendo ake ankachoka atanyamula zomera zaulere. Apa chikhalidwe chabwino ndi nzeru za ulimi zakumana pa mphambano imodzi: womana ndiye amataya.

Ngati tifuna malo amene malonda a duwali anavulaza zinthu, tiyenera kuchoka ku London n'kupita kumapiri a Turkey ndi Caucasus, kwawo kwa yambiri mwa mitundu pafupifupi 20 yachilengedwe ya Galanthus. Mu 1874 Henry John Elwes anatola mtundu wina m'mapiri a kufupi ndi Smyrna, mzinda umene lero ndi Izmir, ndipo unatchedwa Galanthus elwesii potengera dzina lake. Patatha zaka zoposa 100, m'ma 1980, mizu mamiliyoni ambirimbiri inkakumbidwa m'tchire la ku Turkey chaka chilichonse n'kutumizidwa ku Ulaya, kumene inkagulitsidwa m'timatumba totchipa. Anthu akumudzi amene ankakumba mizuyo ankalandira kagawo kochepa ka phindu lake, ndipo mapiri ena anayamba kuguga. Mu 1990 mitundu yonse ya Galanthus inaikidwa pa ndandanda wachiwiri wa pangano la CITES, loyang'anira malonda a zamoyo zakutchire pakati pa mayiko, kotero kuti mizu siingadutse malire popanda chilolezo, ndipo mayiko monga Turkey ndi Georgia anayamba kuika malire a kuchuluka kwa mizu yokumbidwa pachaka.

Mfundo imeneyi ikutembenuza chiweruzo chathu choyamba chija. Mzu wa mapaundi 1,850 unabadwira m'munda wa mlimi ndipo sunachotse kanthu m'phiri lililonse. Kathumba kotchipa, kamene munthu wodzichepetsa ankagula mosaganizira kawiri, ndiko kanali ndi dothi la phiri la eni ake. Maso athu amakopeka ndi kuwononga koonekera, kwa munthu mmodzi wotaya ndalama zambiri pa kanthu kamodzi, koma amaphonya kuwononga kogawikana pakati pa anthu zikwizikwi, aliyense akulipira pang'ono ndi mtima woyera. Kutchipa kwa chinthu kawirikawiri kumatanthauza kuti mbali ina ya mtengo wake yalipiridwa ndi wina amene sitikumuona, kaya ndi wokumba kapena phiri lenilenilo.

Izi sizikuchotsa funso la njala. Munthu amene ali ndi mapaundi ochuluka chotere oti agulire duwa ali ndi mangawa kwa osowa, monganso aliyense wogula galimoto yapamwamba kapena chithunzi chamtengo wapatali, ndipo duwa silimukhululukira mangawawo. Koma pa nkhani ya duwa lenilenilo, mafunso oyenera kumufunsa ndi awiri: mzuwu wachokera kuti, nanga ukaswana udzapita kuti? Amene angayankhe kuti unachokera m'munda, ndipo ana ake adzapita m'minda ya anzake, chikumbumtima chake chili pabwino kuposa cha amene analipira ndalama zochepa osafunsa kalikonse.