Kodi Mkristu Ayenera Kufunsa za Msonkho?

Abale a ku Chileka ndi ku Lirangwe, alipo ena mwa ife amene anena kuti munthu wa Mulungu angopereka msonkho nakhala chete, popeza Ambuye sanakaniza ndalama ya Kaisara. Kupereka kuyenera ndithu. Koma kodi Malembo atilamuliranso kutseka pakamwa? Paulo, polembera Aroma, anayesa wolamula mtumiki. Ndipo mtumiki wosunga chuma cha eni afunsidwa za chumacho.

Mlandu uwu si wa lero. Pamene Harry Johnston anakhazika boma m'dziko muno m'chaka cha 1891, anaika msonkho wa mashiling'i 6. Amishoni a ku Blantyre anautsutsa, nati uposa mphamvu za anthu, ndipo m'chaka cha 1894 unakhala mashiling'i 3 pa nyumba. Angakhale unachepa, olephera kuupereka anatenthedwa nyumba, ndi akazi a ena anagwidwa kufikira amuna ao atalipira.

Tsono panali Joseph Booth, amene anayamba mishoni ya Zambezi ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, m'chaka cha 1892. M'chaka cha 1899 analemba pempho lopita kwa Mfumukazi Victoria. Sanati msonkho uleke, iai. Koma anapempha kuti ndalama zake zigwire nchito yophunzitsa ana a iwo ozipereka, kuti anthu akuda asakakamizidwe kumenyana ndi akuda anzao, ndi kuti zitapita zaka 21 dziko libwerere kwa eni ake. Bwanamkubwa Alfred Sharpe anafuna kumchotsa m'dziko, ndipo Booth anathawira kwa Apwitikizi. Sanaloledwa kubwera kufikira atalonjeza kuleka za boma.

Kodi anachimwa? Anali munthu wa liuma, wosakhalitsa mu mpingo umodzi. Koma pempholo linalibe mkondo kapena mfuti. Linali kalata yopita kwa mwini mphamvu, yomkumbutsa kuti Mulungu aona kumene ndalama ya waumphawi ipita. Chimenecho si chipanduko, koma nchito yonga ya Natani pamaso pa Davide.

Anthu anadikira nthawi yaitali. Dziko linabwerera kwa eni ake m'chaka cha 1964, ndipo sukulu ya pulaimale inayamba kukhala yaulere m'chaka cha 1994. Chimene chinayesedwa misala chinakhala lamulo.

Chifukwa chake, iwe mai wogulitsa matimati pa msika wa Lirangwe, lipira chiphaso chako, usathawe wokhometsa. Koma sunga kapepalako, nufunse kwa amfumu ndi kwa khansala ngati ndalamazo zikonza chimbudzi ndi madzi a pamsika. Ndi iwe wokhometsa, ngati uli Mkristu, usalandire kanthu kosalemba, ndipo usapse mtima pofunsidwa. Mwana wa mfulu sakwiya pamene eni nkhokwe afuna kuona m'kati mwake.